Ndiwo za Agogo ndi Mphamvu za M'miyendo

M'sewero lomwe tamvera sabata ino munali mawu ena omwe ambiri sanawalabadire chifukwa anali pakati poseka. Agogo aja atalephera kudzuka pamphasa, mpongozi wawo anati, "Asiyeni, ndi ukalamba umenewo." Onse a pakhomopo anavomereza. Palibe amene anafunsa kuti agogowo adya chiyani tsiku limenelo, kapena kuti ndi liti pomwe anayendako mpaka kudimba. Inu amene mukuwerenga kabuku kano, mwina kwanu kuli agogo otere. Mwinanso ndi inu nomwe amene mwayamba kugwira bondo kapena chipupa mukafuna kuimirira. Tiyeni tikambirane.

Kodi mphamvu zimapita kuti?

Minofu ya munthu imakula paubwana ndi paunyamata, nifika pachimake munthu akamakwanitsa zaka za m'ma 30. Kuchoka apo imayamba kuchepa pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa. Pa zaka 10 zilizonse munthu amataya magawo 3 mpaka 8 pa magawo 100 aliwonse a minofu yake, ndipo akapyola zaka 60 kutayako kumafulumira. Chakudza sichiimba ng'oma. Nthawi zina ngakhale sikelo siulula, chifukwa malo a minofu amalowedwa ndi mafuta, munthu n'kumaoneka wathupi ndithu koma miyendo ili lende. M'chaka cha 1989 dokotala wina wa ku America, Irwin Rosenberg, anapatsa vuto limeneli dzina loti sarcopenia, kuchokera ku mawu a Chigiriki onena za kusowa kwa mnofu.

Taganizirani ntchito zomwe ntchafu ndi chiuno zimagwira pa tsiku. Ndizo zimakudzutsani pamphasa m'mawa. Ndizo zimakugwirani mukanyonyomala m'chimbudzi, n'kukuimikaninso. Mukapunthwa pamwala, ndizo zimakuwongolani musanafike pansi. Zikafooka, munthu wamkulu amayamba kudikira mdzukulu kuti amuperekeze kuchimbudzi, ndipo ambiri amachita manyazi mpaka kuchepetsa kudya ndi kumwa madzi kuti asavutitse ana. Wina amagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo okalamba ambiri othyoka fupa limeneli sayendanso monga kale.

Minofu ndi nkhokwe ya thupi. Munthu akadwala malungo, chibayo kapena TB n'kumalephera kudya, thupi limatapa m'nkhokwe imeneyi kuti lipeze zomenyera nkhondo matendawo. Amene analowa m'matenda nkhokwe ili yodzaza amachira msanga kuposa amene analowa ilibe kanthu. Kugona kumene kumadyanso minofu. M'chaka cha 2007 madokotala a ku Arkansas, m'dziko la America, anafalitsa zomwe anapeza atagoneka pabedi anthu athanzi a zaka pafupifupi 67 kwa masiku 10. Anthuwo sankadwala, ndipo ankadya bwino. Komabe potha masiku 10 aja anali atataya minofu yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi m'miyendo mokha. Tsono agogo anu akatuluka m'chipatala atagona sabata ziwiri n'kumalephera kuyenda, musathamangire kunena kuti wina wawalodza.

Pali njira yapafupi yodziyesera. Khalani pampando wolimba womwe wautsamiritsa kukhoma. Pingasani manja pachifuwa. Imirirani n'kukhalanso kasanu, mofulumira monga mungathere, wina akuyang'ana wotchi. Akatswiri a ku Ulaya anagwirizana m'chaka cha 2018 kuti ngati zakutengerani masekondi opitirira 15, kapena mwalephera kudzuka osagwira pena pake, ndiye kuti miyendo yafooka ndipo pafunika kuchitapo kanthu.

Za mapuloteni

Amene munapita kusikelo ya ana kalekale mukukumbukira kuti alangizi ankaphunzitsa magulu atatu a zakudya: zopatsa mphamvu, zoteteza ku matenda ndi zokulitsa thupi. Masiku ano m'Malawi muno timaphunzitsa magulu 6, ndipo zokulitsa thupi zija zimapezeka makamaka m'magulu awiri, la zanyama ndi la zanyemba. Chomwe chili m'zakudya zimenezi ndi mapuloteni. Dzina loti "zokulitsa" linasokoneza anthu ena, mwakuti amaganiza kuti munthu akasiya kukula sazifunanso. Si choncho ayi. Tsiku ndi tsiku thupi limagumula minofu yakale n'kumanga yatsopano, monga mmene mayi amazirira nyumba yake kawirikawiri kuti isakumbike. Kwa mnyamata, kumanga kumayenderana ndi kugumula. Kwa munthu wokalamba, minofu simvanso msanga chakudya chikalowa m'thupi. Pamafunika mapuloteni ochulukirapo pa chakudya chimodzi kuti ntchito yomanga iyambike. Choncho agogo amafuna ndiwo zabwino zambiri kuposa momwe ankafunira ali ndi zaka 30, pamene pakhomo ndi iwo amene amalandira zochepa kuposa aliyense.

Nanga mlingo wake ndi wotani? M'chaka cha 2007 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi bungwe loona za chakudya la FAO ananena kuti munthu wamkulu amafuna magalamu 0.83 a mapuloteni patsiku pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. M'chaka cha 2013 gulu la akatswiri a zaukalamba lotchedwa PROT-AGE linati kwa anthu opyola zaka 65 mlingowo ukhale galamu 1 mpaka 1.2, ndipo kwa odwala ukwerenso kufika 1.5. Kunena mwachidule, agogo olemera makilogalamu 50 amafuna magalamu 50 mpaka 60 patsiku. Chenjerani apa: sitikunena kulemera kwa chakudyacho, koma kulemera kwa mapuloteni omwe ali m'kati mwake.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi 8. Kapu yodzaza nyemba zophika, khobwe kapena nandolo ili ndi pafupifupi 15. Mtedza uli ndi magalamu 25 pa magalamu 100 aliwonse, soya 36. Usipa wouma, bonya ndi matemba ndiwo amaposa zonse, chifukwa kupitirira theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Dzanja limodzi lodzaza limapereka magalamu 15 kapena kuposerapo, kuwonjezapo zolimbitsa mafupa popeza timadya ndi minga yomwe. Ufa wa mgaiwa uli ndi magalamu 8 kapena 9 pa 100 aliwonse. Ufa wa chinangwa sufika n'komwe magalamu 2, n'chifukwa chake anzathu odya kondowole ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Karonga sayenera kusowa nsomba pambale.

Tsopano onani tsiku la agogo ambiri kumudzi. M'mawa tiyi wopanda mkaka ndi mbatata. Masana nsima ya nkhwani wopanda nsinjiro. Madzulo nsima ya therere. Mimba yakhuta, ndipo palibe anganene kuti agogo agona ndi njala. Koma mukawerengera mupeza magalamu 30 kapena kucheperapo, lomwe ndi theka chabe la zomwe thupi lawo likufuna. Zotsalazo thupi likazitapa ku ntchafu zawo zomwe.

Tsiku lomwelo likhoza kukonzedwa popanda kupha nkhuku. M'mawa phala la mgaiwa lothira masupuni awiri odzaza a nsinjiro, ndi dzira limodzi loswera momwemo phala likuwira: magalamu 15. Masana nsima ndi kapu ya nyemba, masamba pambali: magalamu 25. Madzulo nsima ndi dzanja la usipa: 25 enanso. Zonse pamodzi 65. Mwaona kuti chakudya cha m'mawa ndicho timachinyozera kwambiri? Minofu imapindula bwino mapuloteni akamabwera katatu patsiku kusiyana ndi kuunjika onse madzulo, kapena kudikira nyama ya pa Khirisimasi.

Wina afunsa kuti, kodi nyemba zingafanane ndi nyama? Mapuloteni amapangidwa ndi tizigawo tosiyanasiyana, ndipo tina mwa ito thupi silingapange palokha. M'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka tonse timapezeka mokwanira. M'chimanga kagawo kena kotchedwa lysine n'kochepa, koma m'nyemba n'kambiri. Ndipo komwe nyemba zikuperewera, chimanga chili nako. Choncho nsima ya nyemba ndi chakudya chokwanira bwino lomwe. Nzeru yomweyi ndi imene ili mu Likuni Phala, yemwe amasakaniza chimanga ndi soya. Musaiwalenso zomwe makolo athu ankadalira: ngumbi, mphalabungu, ziwala, bwannoni, mbewa, nzama. Masiku ano ena amazinyoza ati n'zachimidzi, koma thupi silidziwa zimenezo.

Vuto la mano

Okalamba ambiri amakana ndiwo zabwino osati chifukwa sazifuna, koma chifukwa mano anatha. Amangonyambita msuzi, nyama n'kupatsa mdzukulu. Msuzi uli ndi fungo ndi mchere, koma mapuloteni amatsala m'nthuli. Apa m'pofunika luso la kukhitchini. Chotsani makoko a nyemba muphike chipere. Kazingani usipa pang'ono, muusinje mumtondo mpaka ukhale ufa, muzithira supuni m'phala kapena m'masamba. Phikani futali wa mbatata kapena maungu. Tenderani masamba ndi nsinjiro yambiri, osati yongonunkhiritsa. Chiponde, chambiko ndi dzira lofewa sizifuna dzino. Nyama ikapezeka iphikeni mpaka ifewe, muiduledule tizidutswa.

Soya asadyedwe wosapsa, chifukwa ali ndi zinthu zolepheretsa mimba kugaya mapuloteni. Muwiritseni kapena kumukazinga bwinobwino musanapite naye kuchigayo. Mtedza wachuku, wofota kapena wowawa tayani, musausinje n'kumati m'ndiwo sudziwika. Chuku chimenecho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa.

Pali nkhani ina yomwe ena sakondwa nayo ndikaitchula. M'makomo ambiri chakudyachi chilipo, koma chimatuluka pakhomo. Mazira onse amapita kumsika. Soya ndi mtedza zikangokololedwa, mavenda afika kale ndi sikelo zawo, ndipo pofika mwezi wa Ogasiti pakhomo palibe ndi ndowa imodzi yomwe. Sindikunena kuti musagulitse. Sopo, feteleza ndi fizi zimafuna ndalama. Koma patulani gawo la pakhomo musanaitane wogula. Ndipo nkhuku ikaphedwa, onani mbale ya agogo. Mwambo woti ntchafu ndi nthutumba n'za bambo, agogo aakazi n'kulandira chipalapaso, ulibe phindu kwa munthu amene miyendo yake ikutha. Inunso agogo amene mukulera adzukulu amasiye, tikudziwa kuti mtima sulola kudya dzira mwana akuyang'ana. Koma mukagona osadzukanso, anawo awaphikira ndani? Ngati muli m'gulu lolandira ndalama za Mtukula Pakhomo, zomwe zinayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, kamulu ka usipa kakhale m'gulu la zinthu zoyamba kugula.

Kudya kokha sikukwanira

Njerwa zikhoza kuunjikidwa pabwalo chaka chonse, koma popanda mmisiri nyumba siimangika. Chomwe chimauza thupi kuti limange minofu ndi kuigwiritsa ntchito yolemerako kuposa yomwe inazolowera.

M'chaka cha 1990 dokotala wina wamkazi, Maria Fiatarone, ndi anzake anafalitsa zomwe anachita m'nyumba ina yosungira okalamba mumzinda wa Boston. Anatenga nkhalamba 10 za zaka 86 mpaka 96, zofooka ndiponso zamatenda osiyanasiyana, n'kumazikwezetsa zolemera ndi miyendo katatu pasabata kwa sabata 8. Anthu 9 anamaliza. Mphamvu za m'miyendo yawo zinakwera ndi magawo 174 pa 100 aliwonse, kutanthauza kuti zinatsala pang'ono kufika katatu poyerekeza ndi poyamba. M'chaka cha 1994 anabwerezanso ndi okalamba 100 kwa sabata 10. Ena ankachita masewerowa, ena ankangolandira chakumwa chopatsa thanzi. Ochita masewero mphamvu zawo zinawirikiza kawiri. Ongolandira chakumwa aja mphamvu zawo sizinasinthe. Ngati mnofu wa munthu wa zaka 90 umamva ukaitanidwa, kuli bwanji wanu inu wa zaka 55 kapena 65?

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Zimenezo n'za azungu okhala pampando. Ife timalima." Zoona, khasu, nkhwangwa, munsi ndi ndowa ya madzi zasunga matupi a anthu ambiri kumudzi. Koma ulimi uli ndi nyengo yake, ndipo miyezi ya pakati pa kukolola ndi kusosa ena amangokhala pakhonde. Komanso munthu akayamba imvi, ife ana timamulanda ntchito zonse chifukwa cha ulemu. "Agogo khalani, titunga ndife." "Agogo musanyamule." Mtima wake ndi wabwino, koma ulemu wokhazika munthu pansi tsiku lonse umamufooketsa msanga. Asiyireni ntchito zomwe angathe: kuthirira kudimba ndi keni yosadzaza, kusesa, kusinja pang'ono, kuyenda wapansi kupita kutchalitchi kapena kumzikiti. Ndipo inu a m'tauni amene munapuma pantchito, tsiku n'kumathera pa wailesi ndi bawo, nkhaniyi ikukukhudzani kuposa onse.

Bungwe la WHO, m'malangizo ake a m'chaka cha 2020, linati munthu wamkulu aliyense azichita zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pasabata, ndipo opyola zaka 65 awonjezepo zowathandiza kuima osadzandira masiku atatu pasabata. Sizifuna zitsulo za kusitolo. Yambani ndi mpando uja: imirirani n'kukhalanso pang'onopang'ono, osadzigwetsa, maulendo 8 mpaka 12. Pumani mphindi imodzi kapena ziwiri, mubwerezenso kawiri. Ngati poyamba simungathe popanda manja, gwirani, palibe cholakwa. Manjawo mudzawasiya pakapita sabata zingapo. Zikayamba kupepuka, fungatirani chigubu cha madzi pachifuwa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 5 chikhoza kuyamba ndi malita awiri, n'kumawonjezera kapu imodzi sabata iliyonse. Kuwonjezera kumeneku ndiye mwini nkhani. Mukamanyamula cholemera chomwecho chaka chonse, minofu imazolowera n'kusiya kukula.

Za manja ndi chifuwa, imani moyang'ana khoma, tsamiritsani zikhatho, pindani zigongono mpaka mphuno itayandikira khomalo, kenaka dzikankheni. Chigubu chomwe chija chikwezeni kuchoka m'chiuno kufika paphewa, dzanja lililonse palokha. Gwirani mtengo kapena nsanamira, muime ndi zala za kumapazi n'kutsikanso. Kwerani ndi kutsika sitepe ya pakhonde. Pomaliza yesani kuima ndi mwendo umodzi dzanja lili pafupi ndi khoma, mukuwerenga mpaka 10. Zonsezi sizipitirira theka la ola. Siyani tsiku limodzi pakati kuti minofu ipume, chifukwa imamangika nthawi yopumayo. Anthu oyandikana nawo mwina aseka sabata yoyamba. Itanani mnzanu mmodzi kapena awiri muzichitira limodzi, kusekako kumatha msanga.

Kuphwanya kwa thupi tsiku lotsatira n'kosadetsa nkhawa, kumatha pakapita masiku angapo. Koma ululu wobaya m'bondo kapena m'msana, kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika ndi zizindikiro zoti musiye pomwepo. Musagwire mpweya pokweza cholemera. Tulutsani mpweya pamene mukukweza, makamaka inu a matenda othamanga magazi. A nyamakazi asaope, chifukwa ntchafu zolimba zimapepuza bondo, bola ayambe mofatsa.

Mawu kwa anyamata

M'makwalala a ku Ndirande, Kawale ndi Chibavi simulephera kuona anyamata akukweza zitsulo zopangidwa ndi simenti yothira m'zitini kapena zidutswa za galimoto. Akuchita bwino, ndipo minofu yomwe akusonkhanitsa lero idzawathandiza akadzakula. Koma ena akuthera malipiro onse pa zitini za ufa wa mapuloteni, poganiza kuti popanda ufawo akatumba satuluka. Ufa umenewu kawirikawiri umachokera ku mkaka kapena soya, ndi chakudya chabe. M'chaka cha 2018 akatswiri otsogozedwa ndi a pa yunivesite ya McMaster ku Canada anasonkhanitsa kafukufuku 49 wokhudza anthu 1,863 ochita masewero okweza zolemera. Anapeza kuti kuwonjezera mapuloteni kumathandizadi, koma pang'ono: minofu yowonjezera inali pafupifupi magalamu 300 okha poyerekeza ndi omwe sanawonjezere. Anapezanso kuti munthu akafika magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse patsiku, kuwonjezeranso sikubweretsa phindu lina. Kwa mnyamata wolemera makilogalamu 65 amenewo ndi magalamu 104, omwe angapezeke mu nsima, nyemba, usipa, mazira, mtedza ndi soya pisi. Majakisoni ndi mapiritsi okulitsa akatumba ogulitsidwa mobisa musayerekeze n'komwe. Amaononga mtima ndi chiwindi, ndipo amatha kuchepetsa mphamvu yobereka.

Amene ayenera kuyamba aonana ndi dokotala

Kwa munthu amene impso zake zili bwino, milingo tatchulayi siopsa. Koma amene anauzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a impso asawonjezere mapuloteni payekha, chifukwa impso zodwala zimavutika kusefa zotsalira zake. Mlingo wake amuuze ndi dokotala. Amene akhala zaka zambiri ndi matenda a shuga kapena othamanga magazi apemphe kuti awayeze impso, popeza matenda awiriwa amaononga impso mwakachetechete. Amene anadwalapo mtima kapena kufa ziwalo afunse kaye asanayambe kukweza chigubu.

Ndipo si kuwonda konse komwe kumachokera ku ukalamba kapena kuchepa kwa ndiwo. Ngati agogo akuwonda mofulumira, akutsokomola kupitirira sabata ziwiri, akutuluka thukuta usiku, akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, kapena chakudya chikuwatsamwa pomeza, musataye nthawi ndi phala. Pitani nawo kuchipatala sabata yomweyo, mutenge ndi buku lawo la kuchipatala, ndipo mukawauze achipatala kuti kuwondako kunayamba mwezi uti.